Buku la amalume ndi mkangano wa doko la Nsanje

Mkangano umenewu unabuka ku Mayfair, dera la ku Joni, mu 2010, sabata imene Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje. Anyamata ankati kumudzi kwacha, katundu azingolowa pa Shire kuchokera kunyanja ya mchere. Amalume anga, mtchona amene anabwera ku Joni ndi Wenela kusanachitike ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, anangopukusa mutu.

"Ana inu, madzi anagonja kalekale. Ndinawerenga ndekha."

Titawafunsa kuti anawerenga kuti, anati m'buku la ngalande zoyendamo mabwato ndi njanji za ku England limene mzungu wa kumgodi anawasiyira. Dzina lake analiiwala, wolemba samudziwa, poti chikuto chinathothoka iwo asanalilandire. Amangokumbukira mapu opindapinda kumapeto. Analibwereketsa kwa mnzawo wina amene anakwera basi ya ku Blantyre osabweranso.

Zimene ankatiuza zoloweza pamtima zinali zoona. Ngalande ya Bridgewater inatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha kupita ku Manchester, ndipo dziko lonselo linapenga ndi kukumba ngalande. Mu 1830 njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester inayamba kuyenda, ndiye pang'onopang'ono makampani a njanji anagula ngalande zambiri, zina n'kuzisiya zikumera udzu.

Koma ine ndimaona kuti amalume sanafunikire kupita kutali chonchi, chifukwa nkhani yomweyo inachitika kwathu. Azungu ankalowa m'dziko lathu pamadzi, kuchokera ku doko la Chinde ku Mozambique, kukwera Zambezi, kukhotera mu Shire mpaka mathithi a Kapichira atawatsekera njira, monga anamutsekera David Livingstone mu 1859. Kuchokera pamenepo katundu ankakwera mapiri pamitu ya agogo athu, amtengatenga aja. Njanji yoyamba, yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908 ngati wantchito wa mtsinje, yongolandira zimene sitima zapamadzi zatula. Kenaka Shire anaphwa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Njanji inalondola madzi mpaka ku Chindio pa Zambezi mu 1915, ndipo mlatho wa Dona Ana wowoloka Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima yapamtunda inkayenda kuchokera ku Beira osadikiranso mtsinje. Wantchito uja analanda nyumba.

Nanga Joni amene tikukhalayu? Golide anapezeka mu 1886 pamtunda wopanda mtsinje woti n'kuyendapo bwato. Za ngalande panalibe ndi poyambira pomwe. Ngolo za ng'ombe ndizo zinkakoka makina mpaka njanji yochokera ku Cape itafika mu 1892.

Bukulo ndalisaka zaka. Ndinayamba ndi ogulitsa mabuku pansi kufupi ndi Park Station, amene amakuyang'ana modabwa ukatchula ngalande. Ndinatuma uthenga kumudzi, n'kumva kuti wobwereka uja anatisiya, ndipo mapepala ake ana ankakulungira fodya. Potsiriza ndinalowa ku Collectors Treasury mu Commissioner Street, komwe mabuku anaunjikana mpaka pamasitepe, ndipo nditafwanthula fumbi masana onse ndinatuluka ndi lina lokhala ndi mapu opinda kumapeto.

Amalume anavala magalasi, n'kutambasula mapuwo pathebulo, chala chikuyenda kuchokera ku Liverpool.

"Mphwanga, si limeneli. Langa linali lolemera."

Sanandibwezere. Lili pansi pa pilo wawo, ndipo Lamlungu lililonse anyamata akayambitsa zoti doko la Nsanje lidzadzuka boma la Mozambique likadzalola, amalitulutsa n'kulimenyetsa pathebulo.