Osamanga chokodzera cha mwana chifukwa chokodza pogona, chonde

Makolo a kuno ku Dedza ndi Ntcheu, kwamveka nkhani yoti mwana wamwamuna akamakodza pogona muzimumanga ulusi kapena kalabala ku chokodzera usiku ndiye akuti amasiya. Limeneli ndi bodza ndipo likupundula ana athu.

Chokodzera cha mwana chili ndi timitsempha ta magazi tating'onoting'ono, tina timabweretsa magazi tina timabweza. Njira ya mkodzo imadutsa kunsi, pafupi zedi ndi khungu, ndipo imadalira magazi omwewo kuti ikhale yamoyo. Mukamanga, timitsempha tobweza magazi ndi timene timayamba kutsekeka coz ndi tofewa, magazi amalowabe koma sakutuluka, nsonga imatupa, ikatupa ulusi uja umamira mmnofu osaonekanso, kenako umayamba kucheka njira ya mkodzo ija ngati waya pa sopo. Mapeto ake mkodzo umatulukira pa chibowo chakunsi, ndipo magazi akasiiratu kufika nsonga imada bii nkufa. Nyama yakufa siibwereranso abale.

Kukodza pogona si ulesi, si mwano. Mwana osakwana zaka 5 palibe chodabwitsa, ndipo pa zaka 5 zomwezo pafupifupi ana 15 pa 100 aliwonse amakodzabe, ambiri amasiya okha akamakula. Zimayenda mmagazi kumtundu, ena ndi tulo tofa nato, kudzimbidwa, matenda a mchikhodzodzo, shuga, komanso inu a kunyanja uko ku Mtakataka ndi Golomoti musaiwale likodzo. Zonsezi kuchipatala amaziona. Palibe ngakhale chimodzi chomwe ulusi ungachize.

Chimandipweteka nchakuti ana ena amadzimanga okha poopa chikwapu kapena kuwowozedwa ndi anzawo mmamawa mphasa ikamayanikidwa panja, ndiye amabisa mpaka kutupa. Mwana akamayenda motangadza, akamakana kuti mumusambitse, akamalira pokodza, muvuleni muone. Kwa makanda nako, tsitsi limodzi la mayi kapena la meshi, kaya ulusi wa thewera, limatha kudzikulunga lokha pamenepo. Khanda likulira osatonthola koma thupi silikutentha, masulani thewera muyang'ane pa kuwala, ndi tizala takumiyendo tomwe.

Mukapeza ulusi uli pamwamba ukuoneka bwinobwino komanso ukulola, chotsani msanga kenako mupite nayebe kuchipatala. Koma ngati wamira osatenga lezala, mudula mtsempha, osathira mchere, phulusa kapena zitsamba, osadikira kuche kapena kuti bambo ake abwere kaye. Apa tikuwerenga maola osati masiku. Kwerani kabaza usiku omwewo kupita ku health centre, iwo akaona kuti nzazikulu akutumizani ku chipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo njira ya mkodzo ikabooka opaleshoni yake ndi ya madokotala a ana ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, nthawi zina osati kamodzi.

Manyazi oti anesi akakukalipirani asakugonetseni kunyumba, kanenetseni zoona kuti munamanga liti komanso ndi chani. Agogo ndi azakhali omwe mumagona ndi adzukulu, uthengawu ndi wanunso, mwana akodze asanagone, muchepetse madzi ndi thobwa madzulo, muyale pulasitiki pa mphasa, koma chokodzera chakecho musamange.