Telesikopu yanu ilibe mlandu

Ndatopa kulandira zithunzi zojambulidwa ndi foni patelesikopu, za kadontho koyera mbee, pansi pake pali funso lakuti, "Kodi anandigulitsa telesikopu yabodza?" Ayi. Imeneyo ndi Jupiter ndithu, mwangoipsereza ndi kuwala. Foni ikaona mdima wa kumwamba imalowetsa kuwala kochuluka, pulaneti n'kufufutika. Tsitsani nokha exposure, ndiko kuti kuchuluka kwa kuwala kumene kamera ikulowetsa, mpaka timiyezi tinayi tozungulira Jupiter, timene Galileo anationa mu 1610, tizimiririke. Pamenepo m'pamene mizere iwiri yofiirira ya Jupiter imatulukira.

Koma mdani weniweni ndi mpweya. Yang'anitsitsani pagalasi, muona pulanetiyo ikugwedezeka ngati mwala wa pansi pa madzi oyenda. Mpweya wotentha ndi wozizira ukusakanikirana pakati pa inu ndi iyo, ndipo palibe ndalama imene ingauletse. N'chifukwa chake ife ojambula mapulaneti sitijambula chithunzi chimodzi. Timajambula vidiyo, kenako pulogalamu yaulere monga AutoStakkert imasankha tizithunzi timene tinagwa pa nthawi imene mpweya unadekha, n'kutiphatikiza. Vidiyoyo isapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu, pakuti Jupiter imazungulira kamodzi pasanathe maola 10, ndiye mukatalikitsa mizere ija imapakana. Tulutsani telesikopu panja kudakali ola lathunthu kuti izizire, dikirani pulaneti ikwere, ndipo musaloze pamwamba pa denga limene latentha tsiku lonse.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa. Anali ndi telesikopu yabwino, ya galasi la mamilimita 114. Atajambula Saturn usiku woyamba n'kupeza kadontho kosongoka mbali ziwiri, sanafunse munthu. Anaigulitsa, n'kugula ya mamilimita 60 chifukwa pabokosi panalembedwa kuti imakulitsa zinthu ka 600, pambali pali chithunzi chokongola chimene telesikopu yoteroyo singajambule ngakhale pang'ono. Ogulitsa amenewa amadziwa bwino kuti akunama. Malire ake ndi osavuta: tengani kukula kwa galasi m'mamilimita, muchulukitse kawiri. Ya 60 imathera pa 120, ndipo kupitirira apo mukungokulitsa chimbuuzi. Pamene ankabwera kudzandionetsa n'kuti atataya kale mtima. Vidiyo yake yoyamba ija anali akadali nayo pafoni. Titaiika pakompyuta, mphete za Saturn zinatuluka bwinobwino, koma telesikopu imene inazijambula inali itapita.

Musamayembekezerenso kuti mugule kaye kamera yodula. Mars imatiyandikira kamodzi pa miyezi pafupifupi 26, ndipo mukazengereza milungu yochepa imene imaoneka yaikulu, mudzadikira zaka ziwiri. Yambani ndi foni yomweyo, bola muimangirire pagalasi ndi chogwirira, osati dzanja.

Ndipo chonde, wina akakuuzani kuti muyesere kaye pa dzuwa masana mutavala magalasi akuda, musamumvere. Popanda sefa yopangidwira ntchito imeneyo, yomangidwa kutsogolo kwa telesikopu, diso limapsa nthawi yomweyo, ndipo silichira.