Nyumba imakalamba, nanga mtengo wake umakwereranji?

Ntchito yanga ndi yowerengera mtengo wa nyumba ndi malo, ndipo anthu amene agula kapena akufuna kugula m'madera ozungulira mzinda waukulu amakonda kundifunsa funso limodzi: "Kuno anthu akuchuluka, ndiye kuti mtengo ukwera, eti?" Amafunsa ali nalo kale yankho limene akulifuna. Ine ndimawakhumudwitsa pang'ono, chifukwa ndimayamba ndi kuwauza kuti nyumba yawoyo, nyumba yeniyeniyo, ikutsika mtengo chaka ndi chaka. Denga likuchita dzimbiri, mapaipi akutha, makoma akuchita ming'alu, mamangidwe ake akutha fasho. Palibe amene amagula galimoto n'kumayembekezera kudzaigulitsa modula patapita zaka 20. Chimene chimakwera, chikakhala kuti chakwera, ndi dothi limene nyumbayo yakhalapo. Ndipo dothilo silikwera chifukwa cha chonde.

Dothi la m'mbali mwa mzinda limagulitsidwa ndi nthawi. Mfundoyi ndi yakale. Mu 1826, mlimi wina wa ku Germany, Johann Heinrich von Thünen, anaonetsa kuti munda wapafupi ndi msika umadula kuposa wakutali ngakhale chonde chikhale chofanana, chifukwa wakutaliyo phindu lake limathera panjira. Mu 1964 katswiri wa zachuma William Alonso anatenga mfundo yomweyo n'kuigwiritsa ntchito pa mizinda: m'malo mwa zokolola, chimene chimanyamulidwa tsiku ndi tsiku ndi munthu, kupita kuntchito ndi kubwerako. Amene wagula puloti yaikulu kutali pa mtengo wotsika sikuti wapulumutsa ndalama zonsezo. Zina adzazilipira pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, pa mafuta, pa tikiti, ndi pa tulo take.

Nthawi imene munthu amalolera kuthera panjira ili ndi malire ake. Cesare Marchetti, wasayansi wa ku Italy, analemba mu 1994 kuti kuyambira kalekale anthu amathera pafupifupi ola limodzi patsiku paulendo, theka popita, theka pobwerera. Woyenda pansi amayenda makilomita awiri ndi theka pa mphindi 30, n'chifukwa chake mizinda yakale inali yothithikana. Kutabwera sitima, mphindi 30 zomwezo zinayamba kufika kutali kwambiri, ndipo minda imene dzulo inali yolima inasanduka malo ogona anthu ogwira ntchito mumzinda. Ku London, kampani ya njanji ya Metropolitan Railway inazindikira msanga kuti ndalama siili pa matikiti okha. Inali ndi malo m'mbali mwa njanji yake kumpoto chakumadzulo kwa mzindawo, inamangitsapo nyumba, ndipo kuyambira mu 1915 inkatsatsa deralo ndi dzina loti Metro-land. Ku America ntchito imeneyi inagwiridwa ndi galimoto. Levittown, ku Long Island pafupi ndi New York, anayamba kumangidwa mu 1947 pa minda ya mbatatesi, ndipo pofika 1951 panali nyumba zoposa 17,000, zina zogulitsidwa pa madola 7,990. Lamulo la mu 1956 lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo za dzikolo linangotsegula chitseko kotheratu. (Nkhani ya Levittown ili ndi mbali yake yochititsa manyazi: anthu akuda sankaloledwa kugulako, choncho chuma chimene nyumbazo zinadzabala chinawadutsa.)

Ndiye ine ndikamayeza mtunda sindiyeza ndi makilomita ayi, ndimayeza ndi mphindi, ndiponso mphindi za nthawi imene aliyense akuthamangira kuntchito. Dera la makilomita 30 lokhala ndi siteshoni ya sitima likhoza kukhala "pafupi" kuposa la makilomita 12 limene lili ndi msewu umodzi wokha wotulukira. Msewu watsopano ukatsegulidwa mitengo imalumpha, kawirikawiri ntchito isanathe n'komwe, mphekesera yokha imakwanira. Koma samalani. Msewu wabwino umaitana nyumba, nyumba zimaitana magalimoto, ndipo patapita zaka zingapo ulendo umene unatsika kufika pa mphindi 20 wabwerera pa 45. Amene anagula mtengo uli pamwamba analipira mphindi zimene kulibenso.

Tibwere ku funso la anthu ochuluka lija. Nyumba sizigulidwa ndi mitu ya anthu, zimagulidwa ndi makomo. Kalembera akatiuza kuti dera lili ndi anthu 100,000, sanatiuze nyumba zingati zikufunika. Ngati pakhomo pamakhala anthu anayi, pakufunika nyumba 25,000. Ngati pa makomo awiri alionse pamakhala anthu asanu, anthu omwewo akufunika nyumba 40,000. Palibe mlendo ngakhale mmodzi wabwera, koma nyumba 15,000 zikusowa. Zimenezi si masamu a m'kalasi chabe. Ku America, mu 1960 khomo limodzi linkakhala ndi anthu pafupifupi 3.3, pamene masiku ano ndi pafupifupi 2.5. Anthu akukwatira mochedwa, akubereka ana ochepa, mabanja akutha, okalamba akukhala okha zaka zambiri. Ndaonapo madera amene chiwerengero cha anthu chaima kapena chatsika pang'ono, koma nyumba zikulimbiranidwa. Ndaonaponso madera odzaza mpaka pakamwa, anthu akuchulukirachulukira, koma mitengo yogulira osasuntha, chifukwa obwerawo ndi opeza zochepa, akugawana zipinda za lendi. Khamu lopanda ndalama yogulira limakweza lendi ya chipinda, silikweza mtengo wa nyumba mofanana.

Tsono tiyerekeze kuti makomo akuchulukadi ndipo ndalama ali nazo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri safunsa. Kodi deralo limalola kumanga zina?

Taonani Houston ku Texas, m'dziko la America. Mzindawu ulibe lamulo logawa malo kuti uku n'kwa nyumba zokha, uko n'kwa masitolo okha. Anthu anakana lamulo lotero povota katatu, mu 1948, mu 1962 ndi mu 1993. Malamulo ena omangira alipo, komanso mapangano a eni malo m'madera osiyanasiyana, koma kumanga n'kosavuta, ndipo dziko lozungulira ndi lathyathyathya, lopanda phiri lotchinga. Anthu mamiliyoni asamukira kumeneko, koma nyumba zake zakhala zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi za ku San Francisco kapena Los Angeles. Chifukwa chake n'chosavuta: mtengo ukangoyamba kukwera, omanga amagula munda wotsatira n'kumanga zina. Nyumba yanu singadule kwambiri kuposa ndalama zomangira ina yofanana nayo mtunda wa mphindi zisanu kutsogoloko. Kufalikira koteroko kuli ndi malipiro ake, ndipo madzi osefukira a mkuntho wa Harvey mu 2017 anapeza nyumba zambiri zitamangidwa m'malo amene madzi amayenera kudikha.

London anasankha njira ina. Lamulo la mu 1947 linachititsa kuti munthu asamange popanda chilolezo cha boma ngakhale malowo ndi ake, ndipo kuzungulira mzindawo kunasiyidwa lamba wa minda ndi tchire, Green Belt, kumene kumanga nyumba kumaletsedwa pafupifupi kotheratu. Cholinga chinali choti mzinda usameze midzi yonse, ndipo chinakwaniritsidwa. Koma anthu sanasiye kubwera. Chimene chinachitika n'choti malo okhala ndi chilolezo chomangapo anayamba kudula kuposa munda woyandikana nawo maulendo ambirimbiri, dothi lomwelo, mvula yomweyo, kusiyana kwake pepala lokha. Ndipo ambiri amene analephera kugula mkati mwa lambayo anangomulumpha, n'kukakhala m'matauni a kutsidya kwake, kumene amakwera sitima ola lathunthu.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa, ngakhale ena mwa amene amandipatsa ntchito sangakondwe nawo. M'madera ambiri otukuka ozungulira mizinda, amene amatseka chitseko ndi anthu omwe analowa dzulo. Akangokhazikika, amapita kumisonkhano ya khonsolo kukakana nyumba zosanja, kukana kugawa mapuloti, kukana chilichonse chobweretsa anthu ena. Zifukwa zimene amapereka ndi magalimoto, phokoso, kudzaza kwa sukulu, ndipo zina mwa izo n'zoona. Koma aliyense m'chipindamo akudziwa kuti nyumba zikamasowa, yake imadula. Kenako anthu omwewo amadandaula kuti ana awo akula koma sangakwanitse kukhala pafupi. Mizinda ina yayamba kumasula chitsekochi: Auckland ku New Zealand mu 2016 analola nyumba zothithikana pa gawo lalikulu la malo ake okhala anthu, ndipo Minneapolis ku America mu 2018 anavomereza dongosolo lothetsa lamulo loti puloti imodzi pakhale nyumba ya banja limodzi basi.

Pali chinthu china chimene chimasuntha mitengo mofulumira kuposa anthu, misewu ndi malamulo, nacho ndi ngongole. Ogula ambiri safunsa kuti nyumba ndi ndalama zingati, amafunsa kuti azilipira zingati pamwezi. Tengani ngongole ya 300,000, ndalama ya dziko lililonse, yobweza kwa zaka 30. Chiwongoladzanja chikakhala 3 peresenti, pamwezi mumalipira pafupifupi 1,265. Chikafika 7 peresenti, mumalipira pafupifupi 1,996. Kapena titembenuze: munthu wokwanitsa 1,265 pamwezi tsopano angabwereke 190,000 yokha. Nyumba ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo, malipiro ake a kuntchito sanasinthe. Ku America chiwongoladzanja cha ngongole zotere chinali pansi pa 3 peresenti kumayambiriro kwa 2021, ndipo chinayandikira 8 peresenti mu October 2023.

Ngongole ikakhala yosavuta kupeza, madera a kumapeto kwenikweni kwa mzinda ndi amene amatupa msanga, ndipo ndi omwewo amene amaphwa msanga. Ku Phoenix ndi ku Las Vegas, mizinda ya ku America, zaka zoyandikira 2006, nyumba zinkamera m'chipululu ngati bowa, anthu akugula ziwiri zitatu kuti adzagulitse mawa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Kuchokera pachimake mpaka pansi, mitengo m'mizinda iwiriyi inatsika ndi kupitirira theka. Mu 2008 mafuta a galimoto anadutsa madola anayi pa galoni, ndipo amene ankakhala kutali kwambiri anapanikizika mbali ziwiri, ngongole uku, ulendo uku. Dziwani kuti anthu m'madera amenewa anali akuchuluka ndithu pa zaka zonse zokwera zija. Kuchuluka kwawoko sikunatchinjirize aliyense.

Chenjezo laling'ono pa ziwerengero zimene mumawerenga m'nyuzi. Akati "mtengo wa nyumba m'dera lakuti wakwera ndi 15 peresenti", nthawi zambiri akunena mtengo wapakatikati wa nyumba zimene zagulitsidwa chaka chimenecho. Ngati kampani yamanga nyumba 200 zikuluzikulu zatsopano n'kuzigulitsa, mtengo wapakatikatiwo ulumpha ngakhale nyumba zakale zisanakwere n'kamodzi komwe. Muyeso wodalirika ndi woyerekeza nyumba imodzimodziyo pamene yagulitsidwa kawiri, njira imene akatswiri a zachuma Karl Case ndi Robert Shiller anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1980.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi ukalamba wa madera amenewa. Dera lakale la mumzinda limakhala ndi anthu a misinkhu yonse. Dera latsopano lomangidwa nthawi imodzi limadzaza ndi anthu a msinkhu umodzi, mabanja achinyamata okhala ndi ana aang'ono. Sukulu zimasefukira, khonsolo imamanga zina. Patapita zaka 25 ana onse achoka nthawi imodzi, makolo atsala awiriawiri m'nyumba za zipinda zinayi. Pa nthawi yomweyo misewu, mapaipi a madzi ndi ngalande, zimene zinaikidwanso nthawi imodzi, zimafuna kukonzedwa nthawi imodzi, ndipo poti nyumba zili patalipatali, khomo lililonse lili ndi paipi yaitali yoti misonkho yake ilipirire. Mzinda wapakati nawo ukhoza kuuma pamene m'mbali mukuphuka: Detroit ku America anali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni mu 1950, koma mu 2020 anatsala 639,111, pamene mzindawo pamodzi ndi madera ouzungulira uli ndi anthu oposa 4 miliyoni.

Kumadzulo kwa Tokyo kuli Tama New Town, kumene anthu oyamba analowa mu 1971. Anali mabanja achinyamata, bambo akukwera sitima kupita mumzinda, ana ali yakaliyakali m'mabwalo. Lero m'zigawo zoyambirirazo sukulu zina zinatsekedwa, masitolo ena ndi otseka, ndipo agogo a zaka za m'ma 80 akukwera masitepe a nyumba zosanja kasanu zopanda chikepe. M'dziko lonse la Japan, kafukufuku wa boma wa mu 2023 anapeza nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda anthu. Ndipo mkati mwa Tokyo momwemo, pafupi ndi masiteshoni, mitengo ikukwerabe.

Choncho munthu akanditumiza kukaona nyumba kunja kwa mzinda, ndimadzuka m'mamawa n'kuyenda ulendo wake wa kuntchito pa ola limene iye adzayende, wotchi ili pamkono. Pobwerera ndimadzera kusukulu ya pulayimale kukafunsa ngati kalasi yoyamba ikukula kapena ikuchepa. Kenako ndimapita ku ofesi ya mapulani kukaona munda wopanda kanthu umene uli kuseri kwa mpanda wake, kuti pepala lake likuti chiyani. M'nyumbamo ndimalowa pomalizira.