Chamba sichifuna dzuwa chikachoka m'munda

Mwezi wa Meyi wina ndinaitanidwa ndi kagulu ka alimi amene ali ndi chiphaso cholima chamba cha mankhwala. Mbewu yawo ndinaiona ikadali m'munda, inali yosiririka. Titalowa m'nyumba yosungiramo, tcheyamani anamasula thumba lapulasitiki, ndipo fungo limene linatulukamo linali ngati la m'khola la nkhuku losasesa. Ndinatenga duwa limodzi, kunjaku louma bwinobwino, n'kulithyola pakati. M'katimo munali timaulusi totuwa ngati ukonde wa kangaude.

"Koma alangizi, chinalitu chitauma gwa," anatero bambowo. Anachiyanika pa tenti masiku atatu padzuwa, monga timachitira ndi chimanga, kenako n'kulongedza. Ndinawauza kuti chimene chinauma ndi khungu lokha, madzi onse anali akadali m'kati. Thukuta la miyezi isanu linathera pamoto, chifukwa palibe wogula amene angalandire chamba cha chuku.

Ndisanapitirire, nkhani ya malamulo ndiikambe poyera. Kuno ku Malawi Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu February 2020, patapita zaka akatswiri akuyesa mbewuyi ku Chitedze. Koma wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la boma loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority, ndipo kudzala kuseri kwa nyumba popanda chiphasocho ndi mlandu wolowa nawo kundende. Ku South Africa zinthu n'zosiyana: khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula pa 18 September 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima chamba chake pamalo pake, chogwiritsa ntchito yekha, osati chogulitsa. Choncho ndikulankhula ndi alimi a ziphaso kuno kumudzi, komanso abale athu a ku Joni amene amanditumizira zithunzi pa WhatsApp kufunsa kuti zawo zalakwika pati.

Duwa la chamba likangodulidwa, magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi. Mukadula makilogalamu anayi, yembekezerani kilogalamu imodzi kapena kuchepera. Madziwo ayenera kuchoka mpaka chinyezi chitsale pa 10 mpaka 12 peresenti. Vuto si kuwachotsa ayi, dzuwa la mwezi wa Okutobala likhoza kuchita zimenezo tsiku limodzi. Vuto n'kuwachotsa osawononga chimene munalimira mbewuyo.

Yang'anitsitsani duwa lokhwima, muona timitu ting'onoting'ono tonyezimira ngati shuga, tomata m'zala. Mmenemo ndi mmene muli THC (mankhwala oledzeretsa aja), CBD (mankhwala osaledzeretsa) ndi mafuta onunkhira otchedwa ma terpene. Timituti n'tosachedwa kuthothoka mukamagwiragwira duwa, mafuta onunkhira aja amauluka kukatentha, ndipo kuwala, kutentha ndi mpweya zimasandutsa THC pang'onopang'ono kukhala mankhwala ena ofooka otchedwa CBN. N'chifukwa chake dzuwa limene linali bwenzi la mbewuyi m'munda limasanduka mdani tsiku limene mwaidula.

Aliyense amene anakulira pakhomo polima fodya wa bale akudziwa kale theka la ntchitoyi. Fodya sitimamuyanika pabwalo. Timamusoka, kumupachika pa mikangala m'chigafa, mumthunzi, mphepo izidutsa pang'onopang'ono mpaka kubiriwira kuchoke. Mukamuthinitsa amawola, akauma mothamanga amatsala wobiriwira ndipo ku okushoni amagwa mtengo. Chamba chimatsata nzeru yomweyo, kungoti duwa lake ndi lothithikana kuposa tsamba, ndiye limabisa madzi m'kati mochenjera kwambiri.

Dulani nthambi zotalika ngati mkono, chotsani masamba akuluakulu, ndipo muzipachike chozondotsa pa chingwe kapena waya, nthambi zisakhudzane. Duwa lililonse limene lili ndi banga lofiirira kapena lotuwa lichotsedwe pomwepo lisanalowe m'chipinda, pakuti kuwola kumene kumayambira m'munda nthawi ya mvula kumafalikira kwa anzake. Chipindacho chikhale cha mdima, chozizira pakati pa madigiri 15 ndi 21, chinyezi cha mumpweya chili pafupi ndi 60 peresenti. Nyumba yamalata yopanda siling'i masana imasanduka uvuni, bola ya udzu. Ngati muli ndi fani, ilozetseni kukhoma kuti mpweya uzingozungulira, isamawombe maluwa mwachindunji. Zikayenda bwino, ntchitoyi imatenga masiku 7 mpaka 14.

Manambala amenewa ndi osavuta kulemba, koma nyengo simvera mlangizi. Kuchigawo chathu chino cha dziko lapansi chamba cha panja chimakhwima cha m'ma Epulo ndi Meyi, masiku akayamba kufupika. Ku Thyolo ndi ku Mulanje imeneyo ndi nthawi imene chiperoni chimayamba kugogoda, ndipo masiku atatu a nkhungu ndi mvula yowaza ndi okwanira kuwoletsa chipinda chonse. Kumeneko talikitsani nthambi, dulani zazifupi, tsekani mawindo usiku ndi kutsegula kukacha bwino. Wa ku Cape Town, kumene mvula ya dzinja lawo imayamba cha mu Meyi momwemo, ali pa nkhondo yofanana. Koma wa ku Johannesburg vuto lake ndi lotembenuka: mpweya wa kumeneko nyengo yozizira ndi wouma kwambiri moti maluwa amafika pofumbutuka masiku anayi okha, n'kumanunkha ngati udzu wofolera. Iyeyo apachike chomera chathunthu ndi masamba ake omwe, kuti aziphimba duwa ndi kuchedwetsa kuuma.

Ine sindikhulupirira dzanja lokha, ngakhale langa. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, ka hygrometer, n'kotsika mtengo poyerekeza ndi zimene kamapulumutsa. Mukafuna kudziwa ngati sikakunama, thirani mchere wa patebulo m'kachivundikiro ka botolo, muunyowetse ndi timadontho ta madzi osausungunula, muike limodzi ndi kachipangizoko m'chigubu chotseka bwino usiku wonse. Kayenera kuwerenga 75 peresenti. Kakawerenga 70, dziwani kuti nthawi zonse muziwonjezera 5.

Mungadziwe bwanji kuti nthawi yotsitsa yakwana? Pindani kanthambi kakang'ono kamene kagwira duwa. Kakangopindika ngati luzi, bwererani mawa. Kakathyoka n'kulira kuti "thwa", pamene nthambi yaikulu ikadali yofewako pang'ono, tsitsani.

Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti amaliza, chonsecho gawo lachiwiri, lokhwimitsa chamba m'mabotolo, langoyamba kumene. Maluwa aja, mutawadula pa nthambi ndi kuwameta timasamba, aikeni m'mabotolo agalasi otsuka ndi ouma, otseka bwino, osadzaza: siyani gawo limodzi mwa anayi likhale la mpweya. Zimene zimachitika m'botolomo n'zakuti madzi otsalira pakati pa duwa amayenda kubwera kunja, chinyezi n'kufanana paliponse, ndipo kubiriwira kumene kumakanda pakhosi kumanka kutha. Mawa lake mukatsegula mupeza maluwa amene dzulo anali ouma afewanso. Musadabwe, ndi madzi a m'kati aja, omwewo amene anapusitsa anzanga a thumba lapulasitiki.

Sabata yoyamba muzitsegula botolo lililonse kamodzi kapena kawiri patsiku kwa mphindi zochepa, kugwedeza pang'ono kuti maluwa asamatirane. Sabata yachiwiri kamodzi pa masiku awiri kapena atatu, kenako mwa apo ndi apo. Hygrometer ikakhala m'botolo iwerenge pakati pa 58 ndi 62 peresenti. Ikadutsa 65, chuku chapeza pokhala; khuthulani maluwawo pa thireyi mumthunzi kwa maola angapo. Mukamva kafungo ka mkodzo potsegula, ndiye kuti munatsitsa msanga ndipo tizilombo tayamba kale ntchito. Ikatsika pansi pa 55, kukhwima kuja kwaima, ndipo kuponyamo khoko la lalanje monga ena amachitira kumangobweretsa chuku chatsopano. Masabata awiri mpaka anayi ndiye poyambira, ena amafikitsa miyezi iwiri. Alimi a ziphaso okolola zambiri amagwiritsa ntchito zigubu zikuluzikulu zosungira chakudya, koma mfundo yake ndi yomweyo, ndipo ogula awo amakayezetsa ku labotale asanalipire.

Wina andifunsa za njira ya makolo, yokulunga chamba mothinitsa m'makoko a nthochi ngati chimanga, imene inatchukitsa chamba chathu kunja ndi dzina la Malawi Gold. Ndimaipatsa ulemu wake, anthu aja ankadziwa kuti chamba chimafuna nthawi ndi mdima. Koma mpukutuwo umakulungidwa ukadali ndi chinyezi kuti uchite thukuta, ndipo malire pakati pa kukhwima ndi kuwola ndi opyapyala kwambiri. Maso saona zimene zikuchitika pakati pake.

Chimene chimandipangitsa kuumirira chonchi si mtengo wokha. Chuku china chimene chimagwira chamba chonyowa ndi cha mtundu wa Aspergillus, gulu lomwe lija limene limaika poizoni wa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga chathu. Njere zake zosaoneka ndi maso zikalowa m'mapapo, munthu wathanzi nthawi zambiri amazigonjetsa. Koma amene chitetezo chake chatsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa, ndi amene anadwalapo TB n'kutsala ndi timabowo m'mapapo, chukucho chimatha kumera momwemo. Ndipo amenewa ndi anthu omwe nthawi zambiri amafuna chamba ngati mankhwala. Moto wa ndudu supha njere zonse, kuphika sikuchotsa aflatoxin. Botolo limene mwapezamo chuku, musasankhemo zabwino, tayani lonse, ndipo muwiritse botololo musanaikemo china.

Chimene chakhwima bwino chisungeni m'kabati ya mdima, pozizira, yokiya kuti ana asafikepo, ndipo pa chivundikiro mulembe tsiku limene munadula ndi limene munatsekera. Alimi anzanga aja chaka chotsatira anamanga chipinda cha udzu kuseri kwa mitengo ya mango, ndipo tcheyamani ndi amene amasunga kope lolembamo chinyezi m'mawa ndi madzulo.