Kwathu ku Linga, komwe mpunga ndi ukapolo zinabwera pa chombo chimodzi

Anthu ambiri Nkhotakota amangoionera pa windo la basi, aima pa boma, agula nsomba, basi ulendo wa ku Nkhata Bay kaya ku Salima. Koma ife obadwira konkuno timadziwa kuti mudzi weniweni uli kumunsi kunyanja, komwe akuluakulu amati ku Linga. Mukatsetsereka m'mamawa dzuwa likutuluka cha ku Mozambique nyanja yonse ili psuu, mabwato akubwerako ndi usipa, azimayi ali m'madzi mpaka m'mawondo ndi mabeseni kudikirira, eeh mtima umakhala pansi ndithu. Nthawi zina patali pamaoneka ngati utsi wakuda ukufuka pamadzi, mlendo amayesa chinachake chikupsa chonsecho ndi nkhungu, ife timakola nkupanga ndiwo.

Gombe lokongola lomweli ndi pomwe anafikira Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, Mswahili wa kunyanja ya mchere yemwe anadzakhala Jumbe woyamba, dzina la mafumu a Chiswahili a pa Linga. Anapeza Achewa a mfumu Malengachanzi, analowa ngati mlendo wamalonda, koma ndi mfuti ndi nsalu zake anadzakula mphamvu kuposa eni nthaka. Katundu wake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu enieni abale, ogwidwa kumtundaku cha ku Kasungu mpaka kupitirira, amawasunga pa Linga kudikira mphepo yabwino kenako kuwalonga m'zombo za matanga kuwolokera tsidya lija, akatsika uko ndiye wapansi miyezi yathunthu mpaka ku Kilwa, doko la kunyanja ya mchere ku Tanzania wa lero, ndipo ambiri amathera m'njira. Ine ndikakhala pa mchenga madzulo kuyang'ana mapiri a tsidya aja ndimaganiza za mayi amene anaona gombe lino likuchepa kumbuyo kwake osadziwa ngati mwana wake ali m'chombo chomwecho kapena china.

David Livingstone anadutsa pano mu 1861, anabweranso mu 1863, ndipo mkuyu womwe amati anakumanapo ndi Jumbe ulipobe pafupi ndi mishoni ya Anglican, ana a sukulu amabwera kudzajambulitsa. Anthu ena amakamba ngati ukapolo unathera pansi pa mtengowo, ayi sizinali choncho, zombo zinapitirizabe kuwoloka zaka zambiri. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anapangana ndi Jumbe wachitatu kuti asiye malondawo azilandira ndalama kwa azungu, ndipo ufumu wa ma Jumbe unadzatheratu mu 1895 atachotsa wachinayi, Mwinyi Kheiri, nkumutumiza ku Zanzibar. Chaka chomwecho Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja boti lake litagubuduzika ndi mphepo, ndipo anamuika konkuno ku tchalitchi cha All Saints. Amene anakumanapo ndi mwera ali pa bwato sadabwa nazo, nyanjayi ikakwiya siona kuti uyu ndi ndani.

Chomwe chimandivuta ine nchoti zinthu zomwe timanyadira nazo kwathu zambiri zinabwera ndi anthu omwewo. Mpunga timadya ndi chambo uja, wonunkhira ngakhale uli pa moto nyumba yachitatu, unafala kuno nthawi ya ma Jumbe. Chisilamu, mizikiti, makofia, mau ena a Chiswahili omwe timangolankhula osaganiza, zonsezo nza nthawi imeneyo. Ndiye m'mudzi umodzi muli zidzukulu za ogula, za ogulitsa ndi za opulumuka, takwatirana, timaikana maliro, pa Eid timadyera limodzi pa Khirisimasi chimodzimodzi. Agogo anga aakazi nkhani ya makolo awo samaikamba masana, amadikira usiku tili pa mkeka tikudya kondoole, atsitse mau, atchule dzina la mudzi wakumtunda komwe amayi awo amati anachokera, akatero chete.

Njovu nazo zinavutika, poyamba ndi a minyanga aja kenako opha mozemba mpaka nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, inatsala ndi zowerengeka. Bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015 ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njovu pafupifupi 500 pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Pano mukapita ku mtsinje wa Bua, komwe mpasa zimakwera kuchoka kunyanja kukaswana, mumapeza ndowe za njovu zatsopano pa mchenga ndi mitengo yothyoledwa usiku womwewo.

Sabata yatha ndinatenga mwana wa mchemwali wanga wa ku Lilongwe kupita naye pa mkuyu paja, ndinamufotokozera zonsezi, iye anangogwira khungwa la mtengo nkundifunsa kuti amalume, nanga mayina a anthu anakwera zombowo analembedwa pati?