Agogo akafika kunyumba ndi kathumba kolembedwa "1x3"

Ndimagwira ntchito pawindo lopereka mankhwala, ndipo ndinazindikira kalekale kuti agogo akamati "ndamva, adokotala", nthawi zambiri amangotipatsa ulemu. Mzere kumbuyo kwawo ndi wautali, ife tikulankhula mothamanga, iwo safuna kutichedwetsa. Akafika kunyumba chotsala ndi kathumba ka pulasitiki ndi manambala athu aja.

Kwa ife "1x3" ndi piritsi limodzi katatu pa tsiku. Koma munthu amene anaphunzirako masamu akhoza kuwerengera kuti ndi atatu, n'kuwameza onse m'mawa asanapite kumunda. Zithunzi za dzuwa ndi mwezi zimene zili pa timatumba tina zimathandiza, komabe sizinena zonse. Amoxicillin akalembedwa katatu, pakati pake pamafunika maola pafupifupi 8, osati kungotsatira nthawi ya phala, nsima ya masana ndi ya madzulo. LA wa malungo naye ali ndi mwambo wake: munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo tsiku loyamba kumwa kwachiwiri kumabwera patatha maola 8. Amalowa bwino m'thupi ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Zonsezi sizingakwane pa kathumba.

Kapepala ka m'bokosi ndiye musanene. Kali m'Chingerezi, tizilembo ngati nyerere, pomwe maso a agogo ali ndi ng'ala.

N'chifukwa chake okalamba ambiri amadziwa mankhwala awo ndi mtundu: "koyera ka shuga", "kachikasu ka BP". Apa ndi pamene ine ndimaopa kwambiri. Mankhwala omwewo akachokera ku kampani ina, mtundu ndi kukula kwa piritsi zimatha kusintha. Agogo amaganiza kuti awonjezeredwa atsopano, n'kumamwa otsala a mwezi watha pamodzi ndi a mwezi uno. BP imatsika mopitirira, chizungulire chiwagwira podzuka, agwa. Impso ndi chiwindi za munthu wokalamba sizichotsa mankhwala msanga ngati za mnyamata, choncho cholakwika chaching'ono chimakula. Chimodzimodzi Panado wa pa okala ndi paracetamol wa kuchipatala: mayina awiri, mankhwala amodzi.

Ine ndinasiya kufunsa kuti "Mwamva?" Ndimati, "Agogo, tandiuzani, mawa m'mawa mumwa angati, nanga ena mumwa nthawi yanji?" Yankho lawo ndi limene limandionetsa pamene ndafotokoza mosamveka. Inu ana ndi adzukulu, funso lomweli muwafunse madzulo a tsiku limene abwera kuchipatala. Ndipo tsiku lokatenga ena likakwana, musawatumize ndi kabuku kachipatala kokha. Aikireni m'jumbo timatumba tonse ta m'nyumba, takale ndi tatsopano, ngakhale mankhwala azitsamba amene akumwa, tidzaone tonse pamodzi pawindo.