Facial si mankhwala a ziphuphu

"Adokotala, ndakhala ndikupangitsa facial mwezi ndi mwezi koma ziphuphu sizikutha." Mawu awa ndatopa nawo. Sizingathe, mayi. Facial ndi yosamalira khungu lomwe lili bwino kale: kulitsuka, kuchotsa khungu lakufa, kutsegula timabowo totsekeka ndi mafuta. Khungu limadzikonza lokha pafupifupi milungu 4 iliyonse, n'chifukwa chake malo odziwa ntchito amati muzibwera kamodzi pamwezi. Ngati ndalama zilipo ndipo wokugwirani nkhopeyo anaphunzira, pitani, sindikukuletsani. Koma ziphuphu zikuluzikulu, zopweteka, za mafinya, amenewo ndi matenda, ndipo nthunzi ya musaluni sichiza matenda.

Kuno ku Salima gwero la vuto kawirikawiri ndi kabotolo kopanda dzina kamene mumadzola usiku. Mafuta osakaniza oyeretsa khungu nthawi zambiri amakhala ndi clobetasol kapena betamethasone. Amenewa ndi mankhwala amphamvu a steroid omwe ife timapereka kwa masiku owerengeka, ndipo clobetasol sitimulembera munthu kuti azidzola pankhope. Masabata oyamba nkhope imasalala, anzanu n'kumakuyamikirani. Kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera pamasaya, ziphuphu zofanana kukula zimatuluka mbwee, nthawi zina ndi tsitsi lomwe. Ena amathiramo hydroquinone, yemwe ukamudzola nthawi yaitali amathimbiriritsa masaya ndi mawanga akuda ovuta kuchotsa. Ena mercury, yemwe amakawononga impso.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anali wa kunyanja, chinkhoswe chake chili pafupi. Anadzola mafuta osakaniza kwa zaka, ziphuphu zitabuka anapita pamalo ena okongoletsa nkhope. Kumeneko anamufukiza nthunzi, kumufinya ziphuphu, kenako kumupaka asidi wosupula khungu. Palibe amene anamufunsa kuti kunyumba amadzola chiyani. Funso limodzi lokhalo likanamupulumutsa. Khungu lopyapyala kale lija linapsa. Iye anatuluka n'kukwera kabaza dzuwa la Okutobala lili pamutu, wopanda chipewa, wopanda mafuta oteteza kudzuwa. Nkhope itayamba kunyeka anabwerera komweko, iwo n'kumuuza kuti zikatero ndiye kuti mankhwala akugwira. Kunyumba azakhali anawonjeza mandimu. Pofika kwa ine, masaya onse awiri anali ndi zilonda zouma, m'mbali mwake mwada bii, ndipo ankayankhula ataphimba nkhope ndi chitenje. Zilonda zinapola. Mawanga aja anatenga miyezi yambiri, ndipo ena sanachoke.

Khungu lathu lakuda likapsa kapena kuvulala limayankha ndi kuda. Choncho asidi wamphamvu, kukhula mwankhanza ndi kufinya ziphuphu ndi zikhadabo zimatisiyira mawanga okhalitsa kuposa chiphuphucho. Wodziwa ntchito amayamba wafunsa: mumadzola chiyani, mukumwa mankhwala anji, muli ndi pakati? Akangokugonekani osafunsa, dzukani muzipita. Ndipo kuvala chovala choyera kapena kulemba "medical" pachitseko sikusandutsa munthu dokotala.

Za masingano ndiye ndinene mosabisa. Kwabwera zobaya nkhope ndi timasingano tambirimbiri, ena mpaka kukutengani magazi n'kuwabwezera pankhope. Ku Albuquerque, m'dziko la America, malo ena opanda chilolezo anatsekedwa mu 2018, ndipo mu 2024 bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linalengeza kuti amayi atatu anatenga HIV atachitidwa zimenezi pamalopo. Hepatitis B imafala mosavuta kuposa HIV. Chilichonse choboola khungu achitsegule m'pepala lake inu mukuona, akatha achitaye. Kupukuta ndi sipiriti sikokwanira.

Ngati mwakhala mukudzola mafuta osakaniza, musawasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa nkhope imafiira, kuyabwa ndi kutupa, ndipo ambiri amabwerera ku kabotolo komweko. Bwerani nako kuchipatala tikaone, tikuchepetsereni pang'onopang'ono. Facial idikire kufikira khungu litachira. Pakadali pano sambani ndi sopo wosaluma, dzolani mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, valani chipewa.

Chomwe sichidikira konse ndi chilonda chosapola, kapena kadontho kamene kakukula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi, makamaka kwa abale athu achialubino omwe dzuwa la kunyanja limawabweretsera khansa ya pakhungu. Zoterezi musapite nazo kusaluni kapena kwa ogulitsa mankhwala m'misika. Yambirani kuchipatala cha boma cha Salima sabata yomweyo mwaziona, osati chinkhoswe chikadutsa, ndipo zikafunika akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.